Mwala Wonolera: Mipikisano ya Nyimbo ndi Ana Athu a ku Malambo

(NG'OMA ZOTSEGULIRA PULOGALAMU)

Moni kwa inu a kwa Jumbe, a kwa Mnkhanya ndi a kwa Kakumbi. Moni a kwa Msoro, a kwa Malama, ndi inu a kwa Nsefu. Agogo amene mwakhala pamphasa mutatsamira chipupa, mwaswera bwanji? Amayi amene muli pamoto, pitirizani kuvundula nsimayo, ine mungondibwereka khutu. Ndipo inu achinyamata sunthirani pafupi ndi wailesi, pakuti nkhani ya lero ndi yanu.

Lero tikambirana za mipikisano ya nyimbo. Ndikunena ija ya makwaya a kusukulu ndi a kumpingo, ya magule, komanso ya timagulu ta anyamata oimba ndi banjo ndi babatoni. Pali funso limene makolo ambiri amafunsa, ndipo ndi funso labwino. Mwana amakhala miyezi iwiri akufika pakhomo dzuwa litapendeka, ati akukonzekera mpikisano. Madzi sanatunge, mbuzi sanatsekere. Tsiku lifika, apita, agonja, abwera chimanjamanja. Nanga phindu lake lili pati?

Yankho langa ndilinena pachiyambi pomwe pano, ndipo ndilibwerezanso kutsogoloku. Mpikisano uli ngati mwala wonolera. Munthu akapita kukanola nkhwangwa sabwerako atasenza mwalawo. Amabwerako ndi nkhwangwa yakuthwa. Chikho chimapita kwa gulu limodzi, koma kunoleka kumapita kwa mwana aliyense amene analowa m'bwalo.

Tiyambe ndi kale, kenaka tione zimene zimachitika m'masiku okonzekera, ndipo pambuyo pake tikambe mosabisa za minga imene ili m'njirayi.

Alipo amene amaganiza kuti kupikisana pa nyimbo kunabwera ndi sukulu kapena ndi wailesi yakanema. Funsani achikulire, akuuzani kuti si choncho. Kwa anansi athu a ku Lundazi ndi ku Chama, ndiponso tsidya la malire ku Kasungu ndi ku Dowa, kuli gule wa mganda. Gulu la mudzi umodzi, limene amalitcha boma, limaitana boma la mudzi wina. Anyamata amachapa ndi kusita zovala zawo zoyera, amakonza mabadza awo a zipanda, amayeserera mapazi usiku ndi usiku kuti mudzi wawo usakachite manyazi. Oweruza ake anali anthu ozungulira bwalo. Nthungululu zikagwa mbali imodzi, aliyense ankadziwa amene wapambana. Amayi nawo, pa chimtali ndi chitelele, ankapeka nyimbo zatsopano kuti akafika a mudzi wina akapeze zachilendo. Ngakhale ku migodi zinali chomwecho. Abisa, abale athu a kumtunda kwa Luangwa, atapita kukagwira ntchito ku Luanshya ankavina kalela Lamlungu masana, atavala mwaudongo, magulu akupikisana pa nyimbo ndi pa kavalidwe. Gule ameneyu anatchuka mpaka katswiri wina, J. Clyde Mitchell, anamulembera buku limene linatuluka mu 1956.

Kuimba kwa m'tchalitchi nakonso kwazika mizu kuno. Wansembe Leonard Kamungu, amene anachokera ku Nyasaland n'kudzatumikira ku Msoro, anamwalira komweko mu 1913. Taonani kutalika kwa zaka zimene anthu a chigwa chino akhala akuimba nyimbo za Mulungu m'magulu. Lero makwaya a ku Msoro, a ku Kamoto, a ku Chikowa ndi a mipingo ina yambirimbiri amakumana pa zikondwerero zawo. Choncho mwana wanu akamapita ku mpikisano sakutsata za eni. Akuponda m'mapazi a agogo ake.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano tilowe m'chipinda chimene ana amakonzekereramo, chifukwa mwala wonolera uja uli m'menemo.

Kwaya imene ilibe tsiku loikika imaimba nyimbo zomwezo zimene inaimba chaka chatha, ndi zolakwa zomwezo. Palibe choikakamiza kusintha. Koma mphunzitsi akangolengeza kuti pa tsiku lakuti tikakumana ndi sukulu zinzathu za m'zoni, zinthu zimasintha. Ana amayamba kusunga nthawi. Ndipo inu mukudziwa kuti kuno kusunga nthawi si nkhani yamasewera. Mwana wa ku Mfuwe kapena wa kwa Kakumbi ayenera kukhala atafika pakhomo kusanade, chifukwa njira imene amadutsa ndi yomweyo imene njovu zimadutsa. Mochedwa kuyamba, mochedwanso kuweruka. Choncho wochedwa mmodzi amaika anzake onse pangozi, ndipo anzakewo samusekerera. Phunziro limeneli palibe bolodi limene lingaliphunzitse bwino chotere.

Kenaka pamabwera phunziro la khutu. Anthu ambiri amayesa kuimba ndi ntchito ya pakamwa. Kwayamasitala aliyense akuuzani kuti theka la kuimba ndi kumvetsera. Pali mwana uja wa mawu amphamvu, amene kwawo amamutama kuti akaimba amamveka mpaka kudambo. Iyeyo ayenera kuphunzira kutsitsa mawu ake mpaka alowe mwa anzake ngati mchere m'ndiwo. Pali winanso, kamtsikana kamanyazi kamene kamaima kumbuyo kakungogwedeza milomo. Ameneyo ayenera kuphunzira kutulutsa mawu, chifukwa popanda iye a aluto akuchepa. Wamkulu mawu aphunzira kudzichepetsa, wamanyazi aphunzira kulimba mtima, onse m'chipinda chimodzi, pa nyimbo imodzi. A besi akathamanga, a soprano amagwa. Woimba ng'oma akatengeka n'kufulumiza, ovina amasokonezeka mapazi. Mwana amazindikira ndi thupi lake lomwe kuti kulakwa kwake kumapweteka ena, ndi kuti kukhoza kwake kumanyamula ena.

Pali kupuma. Inde, kupuma kumene. Mwana amaphunzira kukoka mpweya kuchokera m'mimba, kuusunga, n'kuutulutsa pang'onopang'ono kuti mzere wa nyimbo usaduke pakati. Amaphunzira kuima mowongoka, kutsegula pakamwa, kutchula mawu kuti wokhala kumbuyo kwa holo amve liwu lililonse. Amaloweza mavesi. Ndipo amabwereza. Mzere umodzi kakhumi, kakhumi kawiri, mpaka utakhala. Mwana amene wapirira kubwereza mzere umodzi mpaka utakhoza wadziwa chinsinsi chimene chidzamuthandize pa masamu, pa ulimi wa thonje, pa ntchito iliyonse ya manja: chinthu chovuta chimafewa ukachibwerera mawa ndi mkuja.

Zonsezi, omvera, zachitika mpikisano usanayambe n'komwe. Oweruza sanakhale pampando, chikho sichinaoneke, koma nkhwangwa yayamba kale kuthwa.

Tifike tsopano pa tsiku lenilenilo, ndipo ndikambe za oweruza.

Pakhomo aliyense amakuyamikira. Agogo ako sangakuuze kuti wasemphana ndi anzako. Kumpingo kwanu amaombera m'manja chifukwa ndiwe mwana wawo, ndipo amachita bwino. Koma woimba amene amangomva matamando sakula. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Woweruza wabwino ndi mlendo wotere. Sakudziwa bambo ako, sakudziwa mudzi wako, wangomva zimene zatuluka pakamwa pako.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ndili mwana wa sukulu. Tinakonzekera kwa nthawi yaitali, ndipo ine ndi amene ndinapatsidwa udindo woyambitsa nyimbo. Titakwera pansanja, ndinaona khamu la anthu amene sindinawaonepo, mtima unagunda, ndipo ndinayamba nyimboyo pamwamba kwambiri. Anzanga ananditsata mokhulupirika. Titafika pamene nyimbo imakwera, mawu a atsikana anakanika kufikapo. Tinagonja. M'galimoto pobwerera munali zii, ndipo ine ndinalira njira yonse. Koma mmodzi mwa oweruza anali atalemba papepala lathu mawu ochepa, kuti mawu athu anali okoma ndi ogwirizana, koma woyambitsa aphunzire kumva nyimbo mumtima asanatsegule pakamwa. Mphunzitsi wathu anatiwerengera pepalalo mawa lake, osakalipa. Kuyambira tsiku limenelo, ndisanayankhule pagulu ndimayamba ndapuma, n'kumva mawu oyamba mumtima. Ndachita chomwecho ngakhale lero ndisanakupatseni moni. Amene anatenga chikho chaka chimenecho sindikuwakumbukira. Pepala lija ndikulikumbukira.

N'chifukwa chake ndikupempha onse okonza mipikisano, kaya kusukulu kaya kumpingo: musamangolengeza woyamba, wachiwiri ndi wachitatu basi n'kubalalika. Gulu lililonse lipatsidwe mawu a oweruza, olembedwa kapena onenedwa pamaso. Gulu lomaliza ndi limene likuwafuna kwambiri mawu amenewo. Mpikisano wopanda ndemanga uli ngati kupita kuchipatala, sing'anga n'kukuuza kuti ukudwala, osakuuza matenda ake.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za phindu la mipikisano ya nyimbo kwa ana athu, ndipo tanena kuti mpikisano ndi mwala wonolera. Tsopano tikambe za ulendo.

M'sukulu za dziko lino muli bungwe la NASAAZ, limene limayendetsa zikondwerero za luso: makwaya, magule, ndakatulo ndi zisudzo. Makwerero ake amayambira pasukulu, kupita ku zoni, kenaka ku boma, ku chigawo, mpaka pa dziko lonse. Ife a m'chigwa tikudziwa tanthauzo la makwerero amenewa. Nthawi ya dzinja mtsinje wa Lupande ukadzaza, midzi ina imakhala ngati zilumba. Alipo ana a kwa Malama ndi a kwa Nsefu amene anakwera mtunda wopita ku Chipata koyamba chifukwa cha nyimbo. Kumeneko mwana amaona Angoni akuponda ingoma mpaka nthaka kunjenjemera, amamva ng'oma za Achewa a ku Katete, amamva Atumbuka a ku Lundazi. Amadziyeza. Nthawi zina amapeza kuti ali m'mbuyo, n'kubwerera ndi njala yophunzira. Nthawi zina amadabwa kupeza kuti ana a m'tauni, a nsapato zonyezimira aja, sakumuposa. Kudabwa kumeneko ndi chuma. Mwana amene wazindikira kuti kubadwira kuno ku Malambo si chilema amayenda mosiyana moyo wake wonse.

Kodi mpikisano ungamufikitse munthu kutali bwanji? Tamverani nkhani iyi. Mu 1995 bungwe la Jeunesses Musicales International linayambitsa Music Crossroads, mpikisano wa oimba achinyamata umene unafika m'maiko asanu: Zambia, Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zimbabwe. Opambana m'dziko lililonse ankakumana pa mpikisano waukulu. Mu 2007 anapambana anyamata a ku Mzuzu, gulu la Body, Mind and Soul. Mu 2008 mpikisano waukuluwo unachitikira ku Lilongwe, ndipo anapambana anyamata a gulu la Mokoomba, ochokera ku Chinotimba, komboni ya ku Victoria Falls. Ndimaikonda nkhani ya anyamata amenewa chifukwa kwawo kukufanana ndi kwathu. Ndi kumalire a dziko, kutali ndi likulu, m'mbali mwa mtsinje waukulu, kumene alendo amabwera kudzaona madzi ndi nyama, osati kudzafuna oimba. Ku Harare ankaonedwa ngati akutali. Koma atapambana anayenda ku Ulaya, anatulutsa chimbale cha Rising Tide mu 2012, ndipo akhala akuimba m'maiko ambiri. Chimene chinawapambanitsa n'chiyani? Sanasiye zakwawo. Woimba wawo wamkulu, Mathias Muzaza, amaimba m'Chitonga, m'Chiluvale, ngakhale m'Chinyanja chathu chomwechi. Kuno kwathu tikukumbukiranso Lindiwe Alam, amene mu 2004 anapambana mpikisano wa Project Fame ku South Africa, dziko lonse likumuonera pa kanema.

Sindikufuna kukunamizani, achinyamata. Mwa ana onse amene amalowa mipikisano, ochepa kwambiri ndi amene adzadye za nyimbo. Ambiri mudzakhala alimi, aphunzitsi, anamwino, operekeza alendo m'nkhalango, amayi ndi abambo a mabanja. Koma woperekeza alendo amene sanjenjemera poyankhula, mayi amene amaimirira pamsonkhano wa mudzi n'kunena maganizo ake momveka, mphunzitsi amene amadziwa kugwirizanitsa ana makumi asanu, kawirikawiri mukafufuza mupeza kuti anayamba waimapo pansanja ali wamng'ono.

Nkhani ya Mokoomba ikundifikitsa pa chinthu chimene chimandiwawa mtima. Nthawi zambiri ana athu akapatsidwa mwayi wosankha okha nyimbo, amatenga imene aimva pa foni, n'kuiimba motsanzira mwini wake mpaka kapumidwe. Mwana wanga, ukatsanzira woimba wa ku Lusaka, ngakhale utayesetsa bwanji, udzakhala wachiwiri kwa iye. Koma nyimbo ya pamtondo imene agogo ako amaimba posinja, ya m'nthano imene ankakuimbira pamoto, ng'oma ya nsongwe, Chikunda chako chenicheni, zimenezo wa ku Lusaka alibe. Pamenepo ndiwe woyamba. Onani a SEKA a ku Mfuwe kuno, mmene atengera nyimbo, magule ndi nthano za Akunda n'kupanga zisudzo zimene zimagwira mtima ngakhale mlendo wosamva chinenero. Onani mmene bwalo limadzazira pa mwambo wa Malaila. Chuma tili nacho, ndipo mpikisano ndi umene ungapatse mwana chifukwa chopitira kwa agogo ake n'kunena kuti, agogo, ndiphunzitseni. Nyimbo imodzi sachezera gule, choncho adzabwereranso kukapempha ina. Koma pano ndichenjeze aphunzitsi. Si nyimbo iliyonse ya makolo imene ili ya pansanja. Zilipo za kuchinamwali ndi za pamaliro zimene zili ndi malo ake ndi eni ake. Musanaziphunzitse ana, yambani mwafunsa anamkungwi ndi akuluakulu a mudzi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ndinalonjeza kuti tikamba za minga. Mwala wonolera ukaugwiritsa ntchito molakwika umabunthitsa nkhwangwa, nthawi zina umaibenthula kumene.

Munga woyamba ndi kukondera. Ana amaona. Akaona kuti woweruza ndi mlamu wa kwayamasitala wa gulu lopambana, phunziro limene amatenga ndi lakuti khama lilibe ntchito, chofunika ndi kudziwana. Phunziro loipa kuposa limeneli palibe. Oweruza achokere kwina, ndipo magulu auzidwe pasadakhale zimene zidzayang'anidwe. Chimodzimodzinso chinyengo cha akuluakulu, chotenga anyamata amene anamaliza sukulu kalekale n'kuwaveka yunifolomu kuti alimbitse besi. Mukatero mwaphunzitsa ana makumi anayi kunama tsiku limodzi, ndipo mwana amene anayeserera miyezi iwiri mwamusiya panja.

Munga wina ndi ukali. Alipo otsogolera amene chikho chimawalowa m'mutu, n'kumanyoza ana, kuwatchula maina, ena mpaka kuwakwapula chifukwa cha noti imodzi. Mwana woopa saimba, amangotulutsa phokoso. Ndipo mwana amene wauzidwa pagulu kuti mawu ake ndi a chule akhoza kutseka pakamwa mpaka kukalamba. Inunso makolo, gulu likabwera litagonja, musalilandire ndi chipongwe. Afunseni kuti, mwaonako zotani, oweruza anati chiyani, chaka chamawa mukonza pati?

Koma munga umene ndikufuna tiuyang'anitsitse ndi wa chitetezo cha ana, makamaka atsikana. Ulendo wa mpikisano nthawi zambiri umakhala wogonera, m'makalasi a sukulu ina, kutali ndi makolo. Makolo muli ndi ufulu wonse wofunsa: akupita ndi ndani, pali mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa mumpingo amene adzagona ndi atsikana, galimoto yake ndi yotani, adzadya chiyani, adzabwera liti? Kufunsa zimenezi si kuvuta. Ndipo iwe mtsikana, wina aliyense akakuuza kuti adzakupatsa malo otsogolera nyimbo, kapena adzakujambulitsa, ukayamba wamuchitira zakutizakuti mseri, ameneyo si mphunzitsi wa nyimbo. Uza amayi ako, uza aphunzitsi aakulu, usasunge mumtima. Chenjeraninso ndi aja ofuna ndalama zambiri zolembetsera akulonjeza kutchuka msanga. Funsani kaye kuti iwo ndani, ndipo amene anapambana kwa iwo kale ali kuti lero.

Za ndalama za ulendo, tonse tikudziwa kuti zimavuta. Zimapweteka kuona gulu limene lapambana ku boma likulephera kukwera ku Chipata chifukwa chosowa mafuta a galimoto. Pano ndikuyankhula ndi inu a makomiti a makolo ndi aphunzitsi, inu amalonda a pa Cropping ndi pa Masumba, ndi inu eni malo ogona alendo. Thumba limodzi la chimanga, malita angapo a dizilo, nsalu ya yunifolomu, kwa inu n'zochepa. Ndipo kukonzekera kusadye nthawi ya maphunziro. Woimba wa Giredi 7 mayeso akumudikira ngati mnzake aliyense.

Ngati kwanu mpikisano sufika, musadikire kalata yochokera ku boma. Makolo athu a mganda sankadikira kalata. Midzi iwiri, mipingo iwiri, sukulu ziwiri zoyandikana zikhoza kupangana tsiku dzinja likatha, anthu atakolola. Mthunzi wa mtengo ulipo, ng'oma zilipo. Itanani achikulire awiri kapena atatu odziwa nyimbo ochokera mudzi wachitatu adzaweruze, ndipo muwapemphe kuti gulu lililonse aliuze chimene lakhoza ndi chimene likonze. Mphoto ikhoza kukhala nkhuku.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, choncho ndikusiyireni mafunso oti mukambirane pakudya nsima. Agogo, ndi nyimbo iti imene mumaidziwa inu nokha m'mudzimo, imene mdzukulu wanu sanaimvepo? Bambo ndi mayi, mwana wanu atabwera kuchokera ku mpikisano ulendo watha, munamufunsa chiyani choyamba? Ndipo iwe mnyamata, iwe mtsikana amene umaimba wekha popita kumjigo koma sunalembetsepo dzina, ukuopa chiyani kwenikweni?

Tilembereni kapena tiimbireni foni mutiuze zimene mwagwirizana, ndipo ena mwa mayankho anu tidzawawerenga pano. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za kapangidwe ka ng'oma ndi babatoni, kuyambira posankha mtengo mpaka pokunga chikopa. Amene muli panjira fulumirani, kwayamba kuda.

(NG'OMA ZOTSEKERA PULOGALAMU)